Magetsi akayaka pakati pa ulendo wa mumdima: zimene zili kuseri kwa mizukwa ya m'paki

Pa YouTube ndi pa TikTok pamayendayenda mavidiyo amtundu wina amene anthu sachedwa kutumizirana. Wojambula wakwera kangolo m'paki ya zisangalalo, akudutsa pakati pa manda odzaza mizukwa, nyimbo ikulira, kenako zonse zii. Ngolo yaima, magetsi oyera ayaka mbee, manda aja asanduka matabwa opakidwa utoto. Kumwamba kumene kunali nyenyezi kukuoneka zitsulo, mawaya ndi mapaipi. Wogwira ntchito wafika ndi tochi kudzatsitsa anthu mmodzimmodzi.

Oonera amafunsa zofanana. Chawonongeka n'chiyani? Anthuwa anali pangozi kodi? Nanga chinyumba chopanda mawindo ngati chimenechi chinkaoneka bwanji ngati dziko lina mphindi imodzi yapitayo? Mayankho onse amachokera pa mfundo imodzi. Opanga zimenezi amalimbana ndi zinthu ziwiri: kuti maso anu ayang'ane pati, ndiponso kuti ayang'anepo pa sekondi iti. Zidole, nyimbo, njanji ndi makompyuta zonse zimatumikira ziwirizi.

## Chinthuchi n'chiyani, chinachokera kuti

M'Chingerezi amati dark ride, ife pano tiziti ulendo wa mumdima. Anthu amakhala m'ngolo kapena m'bwato n'kumayendetsedwa m'kati mwa nyumba yotsekeka, kudutsa zipinda zokonzedwa ngati masewero. Ena mwa maulendowa ndi owala ndithu. Chofunika n'chakuti dzuwa sililowamo, ndiye kuwala kulikonse kumene mwaona wina anakuika dala.

Lusoli ndi lakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mapaki a ku America anali ndi mabwato oyandama m'ngalande yodutsa mumdima, madzi akukankhidwa ndi gudumu lalikulu. Ku Kennywood, pafupi ndi Pittsburgh, Old Mill ya mu 1901 ikunyamulabe anthu, ngakhale yakonzedwanso kangapo. Mu 1928 Leon Cassidy ndi Marvin Rempfer a ku Bridgeton, New Jersey, ankafuna ulendo wotere koma ndalama zomangira ngalande zinawachepera. Anatenga kagalimoto kamagetsi n'kukaika pa njanji imodzi yokhotakhota, ndipo kampani yawo ya Pretzel inagulitsa maulendo otere m'mapaki ambiri. Zoopsezera zake zinali zosavuta. Tayala likaponda kachitsulo ka panjanji, chigaza chinkadzuka m'bokosi kapena chinthu chinkagunda mwaphokoso, ndipo timaulusi tolendewera tinkakhudza nkhope ngati ukonde wa kangaude. Kachitsulo kameneko musakapeputse. Kankauza chipinda kuti ngolo yafika, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe makompyuta akugwira mpaka lero.

Zinthu zinasintha Disneyland itatsegulidwa ku Anaheim, California, mu 1955. Ambiri mwa amene anakonza maulendo ake anali ojambula ochokera ku situdiyo ya makatuni, ndipo anabwera ndi maganizo a kanema, akuti chipinda chilichonse chikhale chithunzi chokonzedwa bwino chotsatira chinzake. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kanema oonera amakhala pansi zithunzi n'kumasintha, pamene muno zithunzi zimakhala pamalo, oonera ndiwo amayenda.

## Mdima ndi chida

Wokonza ulendo wa mumdima amayamba ndi kufufuta. Denga, mapaipi, mizati ndi chilichonse chosafunika amachipaka utoto wakuda, n'kuunikira chokhacho chimene akufuna muone. Maso a munthu amathamangira pamene pali kuwala ndi pamene pali chinthu choyenda, ndiye nyale imodzi yolunjika bwino imatembenuza mitu ya anthu onse m'ngolo popanda wowauza.

Maulendo ambiri amagwiritsa ntchito nyale za ultraviolet, kuwala kumene maso athu sakuona kwenikweni koma kumachititsa utoto wapadera kunyezimira. Thabwa lathyathyathya lopakidwa utoto umenewu limaoneka ngati likuyandama lokha, m'mphepete mwake ndi zochirikiza zake zitasowa mumdima. Ku Peter Pan's Flight, ulendo wa ku Disneyland, ngolo zimalendewera ku njanji ya kudenga, ndipo pansi pali London wa tinyumba tating'ono ndi timagetsi. Popeza palibe china choyerekezera nacho kukula, ubongo umangovomereza kuti muli kutali m'mlengalenga. Nzeru yomweyi imagwira pa mapiri ndi nsanja za kumapeto kwa chipinda. Zimapangidwa zazing'ono dala kuti zioneke zakutali, chonsecho khoma lili mamita ochepa chabe kuchokera pamene mwakhala.

Njira nayo imakhotakhota pa chifukwa. Khoma la pakona limabisa chipinda chotsatira, ndiponso limabisa ngolo ya anthu ena imene ili patsogolo panu. Pena pamakhala zitseko zotseguka ngolo ikafika, zotchinga kuwala ndi phokoso kuti zisadumphire kwina. Ngakhale mzere wodikirira uli ndi ntchito yake. Maso ochokera padzuwa amatenga mphindi zingapo kuti ayambe kuona mumdima, ndipo kuzolowera kwathunthu kumafuna mphindi 20 mpaka 30, choncho makonde a mzere amachita kuchepetsa kuwala pang'onopang'ono. N'chifukwa chake wojambula ndi fulashi amadandaulitsa anzake, chifukwa kuthwanima kamodzi kumavula chipinda chonse.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Haunted Mansion ya ku Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1969. Nyumba yoyera imene alendo amaiona panja ndi yaing'ono moti ulendo wonse sungakwanemo. Ngolo zimayenda m'chinyumba china chachikulu kuseri kwa njanji ya sitima yozungulira paki. Vuto linali lakuti anthu awawolotse bwanji njanjiyo osazindikira. Amawalowetsa m'chipinda cha makona 8, zitseko n'kutsekedwa, kenako makoma amaoneka ngati akutalika, zithunzi zopachikidwa zikufunyululuka n'kuonetsa mbali ya m'munsi imene inabisika. Chipindacho ndi chikepe chimene chikutsika pang'onopang'ono. Denga lake ndi nsalu yopyapyala yopakidwa utoto. Ikaunikidwa chakutsogolo imaoneka yolimba, koma nyale za m'chipinda zikazima n'kuyaka za pamwamba pake, dengalo limasowa, anthu n'kuona mtembo ukulendewera kumwambako. Zitseko zikatseguka amayenda m'kakhonde kodutsa pansi pa njanji. Ku Walt Disney World ku Florida, kumene anatsegula mu 1971, kunalibe chifukwa chotsitsira anthu, koma chipindacho sanachisiye. Kumeneko denga ndi limene limakwera, pansi osasuntha. Vuto la kamangidwe linasanduka gawo la nthano, ndipo zotere n'zambiri pa ntchito imeneyi.

## Ngolo ndiyo kamera

Ngolo za Pretzel zinkangoyang'ana kumene njanji ikupita. Bwato nalo ndi chimodzimodzi, ndipo limapatsa wokwera ufulu woyang'ana uku ndi uku. Mabwato a Pirates of the Caribbean, ulendo wa ku Disneyland wa mu 1967, alibe injini. Amayandama m'ngalande yosazama, madzi opopedwa ndiwo amawakankha, ndipo matsitso awiri a kumayambiriro amagwira ntchito yofanana ndi chikepe chija, yofikitsa anthu pansi kuti adutse kunsi kwa njanji ya sitima ija. Popeza wokwera bwato amaona mbali zonse, chipinda chonse chiyenera kumalizidwa bwino, ndipo zimenezo ndi ndalama.

Mu 1967 momwemo Disney anabweretsa Omnimover, yopangidwa ndi Roger Broggie ndi Bert Brundage. Ngolo zonse zimalumikizana ngati tcheni chimodzi choyenda mosalekeza. Iliyonse ili ndi chikoko chotchinga kumbuyo ndi m'mbali, ndipo kanjanji kachiwiri ka pansi kamaitembenuza kuti iyang'ane kumene wokonza akufuna. Masipika ali m'ngolo momwemo, pafupi ndi makutu. Anthu amakwera kuchokera pa lamba woyenda pa liwiro lofanana ndi la ngolo. Apa wokonza anapeza mphamvu ya wogwira kamera. Akafuna musaone kumanzere, amakutembenuzirani kumanja, ndipo kumanzereko sakufunikanso kuwonongerako ndalama.

Ngolo zimene zinabwera pambuyo pake zinawonjezera kugwedeza thupi. Magalimoto a Indiana Jones Adventure, ulendo wa mu 1995, ali ndi magawo awiri. La m'munsi limayenda pansi posalala pa liwiro losafika makilomita 25 pa ola. La pamwamba, pamene pamakhala anthu, limakankhidwa ndi mapisitoni a mafuta, kupendeka ndi kudumphadumpha ngati galimoto ili pa miyala. Pamene chimwala chachikulu chikugubudukira kwa okwera, galimoto imaoneka ngati ikubwerera m'mbuyo, koma makoma ndi amene akusuntha. Mu 2010 a paki ya Universal ku Orlando anamangirira mipando kumapeto kwa mikono ya roboti ya KUKA, kampani ya ku Germany imene maroboti ake amagwira ntchito m'mafakitale a magalimoto, mkono uliwonse ukuyenda pa njanji.

Kenako njanji inachotsedwa. Pooh's Hunny Hunt ya ku Tokyo Disneyland, ya mu 2000, inatchukitsa ngolo zoyenda pansi posalala popanda njanji yooneka. Ngolo zotere zimakhala ndi mabatire, ndipo zimadziwa pamene zili potsatira waya wokwiriridwa pansi kapena powerenga zizindikiro zoikidwa m'simenti, uku zikulankhulana ndi kompyuta yaikulu popanda waya. Zimatha kupatukana, kuzungulirana, kubwerera m'mbuyo n'kukumananso. Ku Efteling ku Netherlands, okwera Symbolica, ulendo wa mu 2017, amasankha imodzi mwa njira zitatu. Mtengo wa ufulu umenewu ndi wakuti pansi payenera kukhala posalala ndi potakasuka, ndipo ngolo imodzi ikangokayika za pamene ili, zonse zoyandikana nayo zimaima.

## Mizukwa ya pagalasi

Mukakhala m'chipinda choyaka nyale usiku n'kuyang'ana pawindo, mumaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, zakunja ndi chithunzi chanu chikuyandama pakati pa zakunjazo. Mukazimitsa nyale, chithunzi chanu chimasowa, zakunja n'kutsala. Mzukwa wotchuka kwambiri m'maulendo a mumdima umagwira ntchito chomwecho. Amautcha Pepper's ghost, potengera John Henry Pepper amene anauonetsa ku Royal Polytechnic Institution ku London mu 1862, pokonzanso nzeru ya Henry Dircks.

M'holo yovinira ya Haunted Mansion ngolo zimadutsa pakhonde lam'mwamba, okwera akuyang'ana pansi pamene pali tebulo lalitali, mipando ndi limba. Pakati pa iwo ndi holoyo pali magalasi aakulu oyera kwambiri moti saoneka. Zidole zovina sizili m'holomo. Zili m'zipinda zakuda zobisika kunsi ndi pamwamba pa njira ya ngolo, kumene okwera sangaone. Nyale ikaunikira chidole, chithunzi chake chimaonekera pagalasi, ndipo chimaoneka ngati chili m'kati mwa holo pa mtunda wofanana ndi umene chidolecho chatalikira kugalasi. Nyale ikamazima pang'onopang'ono, mzukwa umasungunuka. Mpando umaonekera kudzera m'thupi lake chifukwa mpandowo ndi weniweni, pamene thupilo ndi chithunzi chabe. Ntchito yaikulu ili pa kuyeza. Chidole chokhala pampando chiyenera kuikidwa pamalo enieni oti chithunzi chake chigwere pampando wa m'holo, ndipo galasi likada fumbi kapena kukandika, chinsinsi chaululika.

## Zidole zobwereza chinthu chimodzi tsiku lonse

Zidole zoyenda ndi kulankhula, zimene Disney amazitcha Audio-Animatronics, zinayamba ndi mbalame za Enchanted Tiki Room mu 1963. Mawu apadera ojambulidwa pa tepi ankatsegula mavavu a mpweya, mlomo n'kuyasama kapena phiko kukupiza. Chaka chotsatira, pa chionetsero cha dziko lonse ku New York, chidole cha Abraham Lincoln chinaimirira pampando n'kulankhula. Mpweya ndi wabwino pa zinthu zongotseguka ndi kutseka, monga zikope. Mafuta opopedwa ali ndi mphamvu zonyamula mkono wolemera mosadukiza, koma amadontha. Zidole zambiri zatsopano zimayendera timamota tamagetsi. Khungu la rabara kapena silikoni limang'ambika m'mbali mwa pakamwa ndi m'khosi, ndipo zovala zimatha kuchokera m'kati chifukwa chitsulo chimakhula malo amodzimodzi maola onse.

Koma luso lenileni si kuchuluka kwa mfundo zoyenda. Wokwera ali ndi masekondi ochepa, mwina akulankhula ndi mnzake, ndiye chimene chikuchitika chiyenera kumveka pongochiona kamodzi. Marc Davis, amene anajambula zambiri za Pirates of the Caribbean, anali katswiri pa zimenezi. Akaidi ali m'ndende atulutsa manja m'zitsulo, akunyengerera galu ndi fupa, galuyo ataluma makiyi. Palibe chofunika kufotokoza. Mungafike nthawi iliyonse, nthabwala yake muimva.

Mawu akuti nthawi iliyonse ndi pamene pagona nkhani. Pamene mabwato kapena ngolo za Omnimover zikudutsa mosalekeza, chipinda sichingakhale ndi chiyambi ndi mapeto, chifukwa nthawi zonse muli wina amene akulowa ndi wina amene akutuluka. Zochitika zake zimangozungulira, galu sapereka makiyi mpaka kalekale. Pamene ngolo zimabwera imodziimodzi, sensa, kachipangizo kozindikira kuti ngolo yafika, imayambitsa chochitika, chimatha, n'kubwerera poyambira ngolo yotsatira isanafike. Apa mutha kugwetsa khoma, kudzidzimutsa anthu, kunena chiganizo chathunthu. Choncho kusankha ngolo ndi kusankhiratu mtundu wa nthano imene mungathe kunena.

Phokoso nalo limavuta chifukwa limadutsa makoma. Okonza it's a small world, ulendo umene unayambira ku chionetsero cha New York mu 1964, poyamba ankafuna kuti zidole za dziko lililonse ziziimba nyimbo ya fuko lawo, koma zitaimbidwa pamodzi linali phokoso lokhalokha. Anasintha n'kuika nyimbo imodzi yoimbidwa mosiyanasiyana chipinda ndi chipinda koma pa liwiro limodzi, kuti pamalire ziziluka bwino. Fungo limaponyedwa ndi timafani n'kuyamwidwanso msanga. Ku Spaceship Earth, ulendo wa m'paki ya Epcot ku Florida, okwera amamva fungo la utsi akamadutsa mabwinja a Rome.

Kanema anabweretsa vuto lake. Chithunzi cha pa sikirini chimaoneka chakuya kwa munthu wokhala malo amodzi, koma mukamayenda chimaululika kuti n'chathyathyathya. Okonza The Amazing Adventures of Spider-Man ku paki ya Islands of Adventure ku Orlando, mu 1999, anawerengera pamene maso a okwera adzakhale pa chithunzi chilichonse cha kanemayo, n'kupotoza zithunzizo dala. Woima pambali amaona nyumba zikupindika modabwitsa, koma wa m'ngolo amaona msewu weniweni. Ngolo ikachedwa pang'ono chabe, chinyengocho chimasweka.

## Masamu a mzere

Kwa mwini paki, ulendo wa mumdima ndi makina ochotsa anthu pamzere, ndipo nambala yoyamba imene amapatsa okonza ndi ya anthu pa ola. Tiyerekeze ngolo ya anthu 6 yonyamuka masekondi 20 alionse. Pa ola zimanyamuka ngolo 180, ndiye kuti anthu 1,080. Okwera akamachedwa kumanga malamba, nthawiyo n'kufika masekondi 25, ngolo zimakhala 144, anthu 864. Masekondi 5 okha achotsa anthu 216 pa ola. Ogwira ntchito pokwerera akamakufulumizitsani, si mwano, akuthamangitsana ndi masamu amenewa.

Masekondi 20 omwewo ndi malire a wolemba nthano. Ngati chipinda chimasewerera ngolo imodzi pa nthawi, ngolo ilowe, chochitika chichitike, ngolo ituluke, zonse zibwerere m'malo, ndipo zonsezi zikwane m'masekondi 20. Wofuna chochitika chotalikirapo amamanga zipinda ziwiri zofanana n'kumagawira ngolo mosinthana, kapena amakulitsa ngolo. N'chifukwa chake mabwato a anthu oposa 20 ndi Omnimover amameza mizere msanga, pamene maulendo a tingolo ta anthu awiri kapena atatu amakhala ndi mzere wautali ngakhale ndi aafupi.

Zonsezi zimakambidwa njerwa isanaikidwe. Ntchito imayamba ndi zojambula zotsatana za nthano, kenako kachifanizo kakang'ono ka nyumba yonse kamene okonza amakayang'ana pa msinkhu wa maso a wokwera, ndipo masiku ano amayendamonso pa kompyuta. Mikangano siilephera. Pa Haunted Mansion, wojambula Claude Coats ankafuna makonde oopsa opanda anthu, Marc Davis ankafuna mizukwa yoseketsa. Ulendowo unatenga zonse, umayamba ndi mantha n'kumalizira ndi phwando la kumanda.

## N'chifukwa chiyani ngolo zimaima

Njira ya ngolo imagawidwa m'zigawo, monga zimakhalira pa njanji za sitima, ndipo lamulo ndi lakuti ngolo isalowe m'chigawo chimene chili ndi inzake. Masensa amauza kompyuta chigawo chimene chili ndi ngolo. Kompyutayi si ya pa desiki. Ndi yamtundu wa m'mafakitale, yotchedwa PLC, ndipo pa zachitetezo imawerengera chinthu chimodzi kawiri m'njira ziwiri n'kuyerekeza mayankho. Akasiyana, makina safufuza kuti wolondola ndani, amaimitsa. Mabuleki nawo amapangidwa moti mphamvu ndi imene imawatsegula, ndipo magetsi kapena mpweya zikatha amagwira okha.

Ndiye kuima kwa ngolo nthawi zambiri si chizindikiro cha ngozi. Chotsitsa dzaye chimatha kukhala chaching'ono. Chipewa chagwera patsogolo pa sensa. Wina waimirira kapena watsika, ndipo makamera oona mumdima kapena mphasa zozindikira phazi zamuona. Pokwerera pachedwa, ngolo za kumbuyo n'kuyamba kudikirana chigawo ndi chigawo mpaka pakati pa ulendo. Omnimover imachepetsa liwiro kapena kuima kuti munthu wa pa njinga ya olumala akwere bwino, ndipo popeza ndi tcheni chimodzi, aliyense amaima. Kuyambiranso kumatenga nthawi chifukwa wogwira ntchito ayenera kutsimikiza kuti njira ilibe munthu ndiponso kuti kompyuta ikudziwa pamene pali ngolo iliyonse. Zikakanika amatsitsa anthu, kudzera m'tinjira timene tinalipo kale m'mbali mwa njanji.

Makompyuta amakhala magulu awiri osiyana. Lina limayendetsa ngolo ndi chitetezo, lina limayendetsa zoonetsa, kutanthauza nyale, mawu, kanema ndi zidole. Loyamba limauza lachiwiri pamene ngolo ili, koma lachiwiri lilibe ulamuliro pa mabuleki. Chidole chikafa ulendo ungathe kupitirira, ndipo okonza ena amakonzeratu njira yachiwiri imene amaitcha B-mode, monga kubisa chidolecho n'kuonetsa kanema m'malo mwake. Chosiyana ndi pamene chinthu choonetsa chimalowa m'njira ya ngolo, monga chitseko kapena khoma losuntha. Chimenecho chimayang'aniridwa ndi gulu lachitetezo.

Mdani weniweni wa nyumba zotere ndi moto, ndipo malamulo ake anaphunziridwa mowawa. Pa 9 June 1979 Ghost Train ya ku Luna Park ku Sydney inapsa, anthu 7 n'kufa, 6 mwa iwo ana. Pa 11 May 1984 achinyamata 8 anafera m'Haunted Castle, nyumba yoopsezera yoyendamo wapansi, ku Six Flags Great Adventure ku New Jersey, imene inalibe mipope yothira madzi yokha. Zinthu zomwe zimakometsa ulendo, mdima, njira zosokoneza, utsi wabodza, phokoso la kukuwa, ndi zomwenso zimalepheretsa anthu kuzindikira kuti moto ndi weniweni. Pambuyo pake malamulo a moto a bungwe la NFPA ku America anaika nyumba zotere m'gulu lapadera. Zimafunika mipope yothira madzi ndi zozindikira utsi, ndipo alamu ikalira magetsi a njira zotulukira ayake, mawu ndi zoonetsa zosokoneza zizime. Pa makina enieniwo, ku America amatsatira miyezo ya komiti ya ASTM F24, ku Ulaya ya EN 13814.

Paki ikatsekedwa, amakaniko amayenda njira yonse magetsi ali chiyakire, kuyang'ana matayala, mabuleki, malamba ndi masensa, ena akupukuta magalasi ndi kusoka zovala za zidole. M'mawa ngolo zimazungulira zopanda anthu asanalole woyamba kukwera. Ulendo watsopano umayesedwa ndi zidole zodzaza madzi kapena matumba a mchenga olemera ngati anthu.

## Sikirini kapena chinthu chogwirika

Mkangano umene okonda mapaki saumaliza ndi wakuti maulendo atsopano achulutsa kanema. Mbali imodzi imati chinthu chenicheni chili ndi kuya kumene maso amazindikira okha, sichifuna magalasi ovala, ndipo sichikalamba msanga ngati zithunzi za kompyuta. Mbali ina imati sikirini imaonetsa zimene chitsulo sichingachite, monga kugwa kuchokera pamwamba pa nyumba kapena nyama yothamanga, ilibe mfundo zotha ndi mafuta odontha, ndipo ingasinthidwe popanda kugwetsa makoma. Kwa ena kanema wosakanikirana ndi kugwedezeka amawachititsa nseru, chifukwa maso akunena zina, khutu la m'kati likunena zina. Mwini paki amawerengeranso malo, popeza sikirini imapereka mtunda wautali m'chipinda chaching'ono, komanso mtengo wosamalira chinthucho kwa zaka zambiri.

Maulendo akuluakulu aposachedwa, monga Mystic Manor ya ku Hong Kong ya mu 2013 ndi Rise of the Resistance ya mu 2019, amasakaniza zonse: ngolo zopanda njanji, zidole, zipinda zomangidwa mokwanira, ndi kanema woponyedwa pa makoma kapena kuseri kwa mawindo. Kusakanizaku si kwatsopano. Mu 1969 kale, mutu wolankhula wa Madame Leota m'mpira wagalasi ndi ziboliboli zoimba za kumanda m'Haunted Mansion zinali nkhope zosema zopanda maonekedwe, pulojekita yobisika ikuponyapo filimu ya nkhope za anthu enieni.